Saini ya Bambo pa Fomu ya Zosoka

4 Febuluwale

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tilipo, kungoti bondo langa lija layambanso, moti makina ndikupalasa ndi mwendo umodzi. Mwana wanu ali bwino, akudya, akuwerenga.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumalankhula nokha ngati wailesi, munthu osapeza polowera. Komanso nkhaniyi ikufuna pepala ndi inki.

Lachiwiri anandiitana kusukulu. Ndinasiya dilesi la kasitomala lili pa singano n'kuthamangira kumeneko, mtima uli m'mwamba kuti kapena mwana wakomoka. Mu ofesi ya ahedi ndinapeza mphunzitsi wa kalasi yake atayala mafomu olembetsera mayeso otsiriza. Zimene anandiuza ndi izi, ndipo muwerenge modekha. Kuti mwana alandire satifiketi yomaliza sekondale, ayenera kukhoza phunziro m'gulu lililonse mwa magulu anayi: zilankhulo, masamu, sayansi ndi ntchito zamanja. Wanuyu m'magulu atatu wadzaza mpaka kusefukira, koma m'gulu la ntchito zamanja mulibe ngakhale limodzi. Angakhoze maphunziro ake onse asanu ndi atatu kuposa sukulu yonse, satifiketi sadzamupatsa. Akuti magulu anayi onsewo akhale pa mayeso amodzi, apo ayi abwereze chaka chathunthu.

Njira ilipo. Mphunzitsi wa zosoka wavomera kumulandira mochedwa, bola asoke zinthu zitatu zimene anzake asoka m'zaka ziwiri: siketi, malaya a kolala, ndi kabuku ka misoko yosiyanasiyana. Mwanayu wakulira m'tinsanza ta pa shopu panga, zimenezo sizikundiopsa. Koma maphunziro salola kupitirira asanu ndi atatu, ndiye achotse limodzi. Aphunzitsi akuti achotse masamu owonjezera aja, chifukwa masamu wamba ali nawo kale.

Fomu yosinthira ndaika m'kalata muno. Ikufuna saini yanu, pakuti m'kaundula wa sukulu munalembetsa kuti wosaina za mwanayu ndi inu nokha. Chithunzi cha pa foni salandira, akufuna pepala lenilenilo. Ifike kuno pasanafike pa 20 Malichi, tsiku limene mayina akupita ku bungwe la mayeso. Kalata imatenga masiku asanu ndi atatu panjira, ndiye nthawi ilipo, koma si yogonera.

Tiuzeni za kumeneko. Chifuwa chija chinatha?

Ine mlongo wanu


15 Febuluwale

Achemwali,

Moni nonse. Ine ndili bwino, ntchito kuchipatala kuno ndi yambiri monga mwa nthawi zonse. Mundiperekere moni kwa Dokotala wanga, ndipo mumuuze anditumizire malikisi a fizikisi a teremu yatha.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kawiri konse magazi andiwira. Mwana amene amaphunzitsa anzake kemisitile pansi pa mtengo, amumane satifiketi chifukwa sanasoke siketi? Kodi akamadzang'amba munthu m'mimba adzamufunsa za siketi? Ameneyo ndi ulesi wa aphunzitsi. Anali kuti zaka ziwiri zonsezi? Lero aona kuti aphonya, ndiye akufuna kukwirira manyazi awo pochotsa phunziro la mwana wanga.

Fomuyo sindisaina. Masamu owonjezera sachoka. Amenewo ndiwo adzamusiyanitse ndi ana ena akamadzasankha opita ku udokotala. Ndaikamo kalata ina yopita kwa ahedi, mukawapatse m'manja. Ndawauza kuti akonze cholakwa chawo ku bungwe la mayesoko, apo ayi ndilembera akuluakulu awo. Anthu amenewa amazolowera makolo ogona.

Ndipo inu achemwali, musandikwiyire, koma ndinene. Ndikudziwa kuti mumafuna wokuthandizani pa shopu, makamaka pano bondo likuvuta. Mwina nkhaniyi mwailandira ndi manja awiri. Koma ine sindinachoke kwathu n'kudzakhala kuno zaka khumi ndi chimodzi kuti mwana wanga adzawerame pa makina, akumapinda mipendero ya madilesi a anthu, maso akutha ndi kulowetsa ulusi m'singano. M'banja mwathu telala mmodzi akwana. Malemu mayi ake ndinawalonjeza kuti mwanayu adzavala jekete loyera, ndipo adzavala.

Musamusokoneze mutu ndi mabatani nthawi ya mayeso ino. Aziwerenga.

Ine mlongo wanu


1 Malichi

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa makolo anatiphunzitsa kutero, osati chifukwa ndikufuna.

Kalata yanu ndinakawapatsa ahedi m'manja monga munalamulira, bwana. Anaiwerenga, n'kuvula magalasi, n'kutuma kalaliki kuti abweretse fayilo ya mwana. Kutsutsa galu n'kukumba. M'fayilomo muli fomu yosankhira maphunziro ya zaka ziwiri zapitazo, nthawi ija munabwera pa tchuthi. Mwanayo anachonga zosoka ndi pensulo. Pamwamba pake pali mzere wofiira, ndipo pambali palembedwa kuti masamu owonjezera. Cholembera chofiira chija munkachikoleka pa thumba la malaya kuti anthu aziona, mukuchikumbukira? Zilembo ndi zanu, saini ndi yanu. Pansi pa fomuyo pali mawu osindikizidwa akuti mwana asankhe limodzi m'gulu lililonse. Simunawerenge. Mphunzitsi wa nthawi imeneyo akuti anayesa kukuuzani, inu n'kumuyankha kuti mumagwira ntchito ndi madokotala ndipo mukudziwa zimene zimafunika. Safunsa anadya phula.

Sukulu nayo ili ndi mlandu wake, anayenera kuona kalekale, ndipo ndawauza pamaso pawo mpaka kalaliki anatseka chitseko. Koma bungwe la mayeso silisintha lamulo chifukwa bambo wina wakwiya ali kutali. Ndinapempha kuti ndisaine ine. Ndinawauza kuti misonkhano yonse ya makolo ndimakhala ndine, yunifolomu wavalayo ndinasoka ndine, atadwala malungo ndinagona pansi pa bedi lake ndine. Anati pepani mayi, kaundula akuti bambo. Ndinatuluka mu ofesimo ngati wantchito wotumidwa.

Tsopano za mawu ako aja. Inde, ndati ako, ulemu ndauika pambali kaye. Iwe, amene ndinkakubereka kumbuyo mayi ali kumsika, ukuti ine ndikufuna kukubera mwana kuti azindipalasira makina? Ndikanafuna zimenezo bwenzi ndikumudzutsa m'mawa uliwonse kuti awerenge, ine n'kumasesa ndekha m'shopu? Makina ukuwanyozawo ndi amene anakusokera kabudula wako woyamba wa kusukulu. Mipendero ya madilesi a anthu ndi imene yamukulitsa mwana wakoyo kufikira pamene wafikapa. Telala mmodzi akwana! Mawu amenewo ndawasunga, sindiwataya.

Mwanayo wayamba kale kusoka, sitinadikire chilolezo cha munthu. Siketi yatha, zipi yake yagona bwino kuposa ya ine. Kolala ikumuvuta. Amasoka akaweruka, buku la bayoloje lili potsegula pambali pa sizasi. Mphunzitsi wa zosoka akuti zonse zitheka, chikusowa ndi inki yako basi.

Fomu uli nayo. Saina, utumize tsiku lomwelo.

Mlongo wako, telala uja


1 Malichi

Bambo,

Moni. Ine ndili bwino. Azakhali andilola kuika kapepala kanga m'kalata mwawo, koma akana kuti ndiwerenge zimene alemba. Mmene ankakanikizira cholembera ndadziwa kale.

Fizikisi ndinapeza 81, kemisitile 86.

Bambo, sindikufuna kukhala telala. Ndikufuna udokotala womwewo, ndipo si chifukwa choti inu mumaufuna, ndimaufuna ndekha. Ndinapita kwa mphunzitsi wolangiza za ntchito, tinawerenga limodzi zofunika ku koleji ya zachipatala. Akufuna bayoloje, kemisitile, fizikisi, masamu wamba ndi satifiketi. Masamu owonjezera sanawatchule paliponse. Satifiketi ndiye aitchula pa mzere woyamba.

Zaka ziwiri zapitazo ndinachonga zosoka chifukwa aphunzitsi anatifotokozera za magulu anayi aja. Mutadula ndi cholembera ndinafuna kulankhula, koma munali mutangofika, mutandibweretsera nsapato, ndipo munkaseka. Ndinaganiza kuti mwina mukudziwa njira ina imene ine sindikuidziwa. Kenako ndinaopa kufunsa, ndipo pamenepo ndinalakwa nane.

Anzanga onse mayina awo alowa kale. Langa lili pa kapepala kapadera pa tebulo la ahedi, apanikiza ndi kapu ya tiyi. Ndikadutsa pa windo ndimakaona.

Chonde sainani. Ndi siketi imodzi, malaya amodzi ndi kabuku. Sizindisandutsa munthu wina.

Mwana wanu


13 Malichi

Achimwene,

Muli moyo? Ngati muli moyo, moni.

Kwa wa positi ndapita kanayi, mpaka wayamba kundipukusira mutu ndisanafike pa kauntala. Foni yanu ikuitana osayankhidwa. Ndikudziwa chimene mukuchita. Mukundilanga ine chifukwa ndinakutchulani iwe. Chabwino, ndilangeni, musandilankhulitse mpaka tsiku la maliro anga. Koma amene akudya chilangocho si ine.

Malaya atha. Kolala waimasula kanayi, kachisanu yakhala. Kabuku ka misoko wakapereka dzulo. Mphunzitsi wa zosoka wapita yekha kwa ahedi kukapempha kuti adikire mpaka ola lotsiriza la pa 20. Mayi wosakhala m'bale wathu akuthamangira mwana wanu, inu muli phee.

Mwanayo sakulira, ndipo zimenezo ndi zimene zikundiopsa. Wangosiya kufunsa ngati kwabwera kalata.

Kwatsala sabata imodzi.

Mlongo wanu


15 Malichi

Achemwali,

Moni. Makalata anu awiri, yanu ndi ya mwana, ndinalandira pa 9. Ndinawaika mu loka, kakabati kanga ka kuntchito, pamodzi ndi fomu ija, ndipo masiku onsewa ndakhala ndikutsegula n'kutsekanso. Foni yanu ndinkaiona. Ndinkangoisiya ikuitana.

Mwandilalatira, ndipo mwina ndinayenera. Koma pali chimene simukudziwa, ndipo ndikuuzani ndili wokwiya, chifukwa mwandikakamiza.

Mumati ndimagwira ntchito ndi madokotala. Ndinakuuzani choncho ndine. Zoona zake n'zakuti ndimagwira pansi pawo. Pansi pa chipatala chino pali chipinda chochapira, ndipo kuseri kwa makina ochapira kuli kachipinda kopanda windo, kotentha, konunkha sopo. Muli makina osokera anayi. Achiwiri kuchokera kukhomo ndi anga. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikupinda mipendero ya nsalu zoyala pa mabedi, kuika zigamba pa zovala za kochitira opaleshoni, kusokerera zingwe pa mikanjo ya odwala. Atandifunsa tsiku loyamba kuti umadziwa chiyani, ndinalibe satifiketi yowaonetsa. Chimene ndinali nacho ndi chimene ndinaphunzira pa makina anu ndili mnyamata. Jekete loyera la pa chithunzi chimene chili pa khoma kwanuko si langa. Ndinkalikonza thumba, ndinalivala mphindi ziwiri, mnzanga n'kundijambula.

Madokotala achichepere, ana oti ndikanawabereka, amatsika masitepe n'kuponya jekete pa tebulo langa. "Telala, batani." Sandiyang'ana n'kumaso komwe. Wina ndamusokera zaka zisanu, dzina langa salidziwa. Ndiye tsiku lija nditaona mwana wanga atachonga zosoka, maso anga anachita mdima. Sindinawerenge za pansi pa fomu, n'zoona. Ndinangoona kachipinda kano. Ndinalumbira kuti wanga adzakhala woponya jekete, osati wolitola.

Mawu aja akuti telala mmodzi akwana sindinkanena inu nokha. Tilipo awiri, ndipo mmodzi ndi wabodza.

Fomu ndasaina, ili m'kalata muno. Ndikudziwa kuti ifika mochedwerapo, koma masiku awiri kapena atatu ahedi sangakane, ndi munthu naye, ndipo inu mukawafotokozere kuti ndi positi. Mwanayo musamuuze za kachipindaka. Ndidzamuuza ndekha akadzamaliza.

Za kolala, mumuuze ayambire kusoka pakati kupita kumapeto, mbali iyi kenako inayo, osati kuchokera ku nsonga. Ikatero siikokana.

Ine mlongo wanu


25 Malichi

Achimwene,

Kalata yanu yafika dzulo, pa 24. Mayina anapita pa 20, nthawi ya folo koloko. Ahedi anadikira mpaka dalaivala wa sukulu anayamba kuliza hutala. Ndinali pomwepo, nditakhala pa benchi ya panja pa ofesi kuyambira m'mawa, ngati kuti kukhala kwangako kubweretsa kalata.

Dzulo ndinathamanga nayo fomu yanu, bondo likukana. Ahedi anaimba ku bungwe ine ndili pompo. Anayankha kuti kaundula watsekedwa. Si positi, achimwene, ndipo sindinawanamize kuti ndi positi. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Za kachipinda kanu ndawerenga. Mukuganiza kuti ndikumverani chisoni? Mwina mawa. Lero ndikuona munthu amene anachita manyazi ndi ntchito ya manja ake, n'kutuma mwana kuti alipire manyaziwo. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikupukuta fumbi pa chithunzi cha jekete la eni ake, makasitomala akumandiyamikira kuti muli ndi mlongo wapamwamba, ine n'kumadziona wochepa m'shopu yanga yomwe. Chikhalirecho tonse tikulowetsa ulusi m'singano!

Mwati ndisamuuze mwana. Ndamupatsa kalata yonse awerenge yekha. Zobisa zakwana m'banja muno.

Mlongo wanu


28 Malichi

Bambo,

Moni. Ndikhulupirira chifuwa chinasiya, pakuti azakhali anakufunsani kalekale koma simunayankhe.

Ndibwereza chaka. Ahedi akuti ndikhoza kulemba mayeso a chaka chino ngati ndikufuna, koma sandipindulira kanthu, chifukwa chaka chamawa ndidzalembanso onse. Ndasankha kusalemba. Teremu ikubwerayi ndikalowa kalasi ya m'munsi, ya ana amene ndinkawalondera pa mzere wa asembule. Mnzanga amene timakhala desiki imodzi walira kuposa ine. Siketi, malaya ndi kabuku mphunzitsi wazitsekera mu kabati, akuti zidzagwira ntchito chaka chamawa.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mukuganiza kuti ndikanachita manyazi kumva kuti bambo anga amasoka? Ine ndakulira pansi pa tebulo lodulira nsalu. Chimene chandipweteka ndi mzere wotsiriza uja, wa kolala. Ndinaimasula kanayi, zala zinatupa, ndipo munthu wodziwa mmene amaisokera anali ndi kalata yanga mu loka. Munailandira pa 9. Mukanasaina tsiku lomwelo, fomu ikanafika kutatsala masiku atatu. Ndawerengera mobwerezabwereza, masamu owonjezera aja andithandiza pamenepo pokha.

Ndakwiya nanu, bambo. Sindinakuuzenipo mawu amenewa chibadwire, koma ndakwiya. Munkaopa kuti ndidzakhala wopanda satifiketi ngati inu, ndipo chaka chino ndikhala wopanda satifiketi chifukwa cha inu. Udokotala sindinausiye. Ndikadzafika, ndidzatsika masitepe amenewo, ndipo wosoka batani langa ndidzamufunsa dzina. Koma musanditchulenso Dokotala mpaka tsikulo, dzinalo likundilemera.

M'kalata muno muli fomu ina. Ndinaipempha ndekha kwa kalaliki, azakhali sakudziwa. Ndi yosintha kaundula wa sukulu, kuti kuyambira tsopano wosaina za maphunziro anga akhale azakhali. Bambo anga mukhalabe inu, zimenezo sizifuna fomu. Koma chaka chachiwiri sindingathe kuchitaya.

Posaina ndaikapo kamtanda ka pensulo. Muwerenge kaye mpaka pansi, kenako musaine, ndipo mutumize tsiku lomwelo.

Mwana wanu